Kaliwiro ndi Neti Yobooka

Mvula inagwa mpaka m'mawa. Kenako dzuwa linatuluka. Kunja kunatentha kwambiri. Pabwalo panali zithaphwi.

Panali mnyamata wina. Anthu ankamutcha Kaliwiro. Iye sankayenda, ankangothamanga. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Ankakhala ndi bambo ake, awiriwiri. Kaliwiro ankafuna kuti zikhale choncho basi.

Tsiku limenelo kunabwera alendo. Anali azakhali, mlongo wawo wa bambo. Anachokera kudziko lozizira. Anabwera pa ndege ndi mwana wawo.

"Uyu ndi msuweni wako," anatero bambo.

Azakhali anali ndi ntchito kutawuni ina. Anamusiya mwanayo. Anasiyanso pepala. Bambo anamata pepalalo pakhoma.

Pepala linati: Piritsi limodzi tsiku lililonse. Madzi owiritsa okhaokha. Chipewa padzuwa. Mafuta othamangitsa udzudzu madzulo. Neti pogona.

Bambo sankalankhula zambiri. Koma ankachita zonse.

M'mawa bambo anawiritsa madzi. Atazizira, anathira m'botolo la msuweni. Anamupatsa piritsi.

"Nanga ine?" anafunsa Kaliwiro.

"Si lako," anatero bambo.

"Ndiye iyeyu akudwala?"

"Ayi. N'loti asadwale malungo."

Masana bambo anamuveka msuweni chipewa.

"Nanga ine?" anafunsa Kaliwiro.

"Chako unataya wekha," anatero bambo.

Madzulo bambo anamudzoza msuweni mafuta. Anamudzoza m'mikono. Anamudzoza m'miyendo. Kaliwiro anaima pakhomo. Anayang'ana manja a bambo. Mtima unamuwawa. Bambowo anali ake. Manjawo anali ake.

"Iwe ndiwe dzira," anatero Kaliwiro. "Akakugwetsa, usweka."

Msuweni anaseka. "Ndiye iwe ndiwe mwala eti?"

Kaliwiro sanaseke.

Kuchipinda kunali mabedi awiri. Neti ya msuweni inali yatsopano. Inali yoyera mbee. Neti ya Kaliwiro inali yakale. Inali ndi bowo mbali ya kukhoma. Anaiboola yekha ndi galimoto yake ya mawaya. Sanawauze bambo.

Tsiku lachitatu bambo anawagoneka. Anapisira neti ya msuweni pansi pa matiresi. Anatseka chitseko.

"Dzira," ananong'ona Kaliwiro. "Tisinthane mabedi."

"Chifukwa?"

"Langa lili pawindo. Pakupita kamphepo."

Msuweni anakondwa. Anasinthana. Kaliwiro analowa mu neti yatsopano. Inkanunkhira bwino. Za bowo lija sananene.

M'mawa msuweni anadzuka akukanda. Patsaya panali totupa. Pakhosi panali totupa. Pakhutu panalinso kena.

Bambo analowa ndi piritsi. Anaima. Anayang'ana bedi ili. Anayang'ana bedi ilo.

"Ndine ndinapempha, amalume," anatero msuweni.

Kaliwiro anayang'ana totupa tija. Anakumbukira mawu a bambo. N'loti asadwale malungo.

"Akunama," anatero Kaliwiro. "Ndine. Neti yangayo ndi yobooka. Ndimadziwa."

Bambo anasuntha bedi. Anapeza bowo. Analowetsa dzanja lonse.

"Valani nsapato," anatero bambo. "Nonse awiri."

Anapita kuchipatala. Kaliwiro sanathamange. Ankayenda kumbuyo, atazolika.

Anamwino anamuona msuweni. Anamugwira pachipumi. Anamuyeza kutentha kwa thupi.

"Mapiritsi akumwa?"

"Tsiku lililonse," anatero bambo.

"Asadumphitse ngakhale limodzi. Thupi lake siliwadziwa malungo. Akangotentha thupi, mubwere naye msanga. Ngakhale atabwerera kwawo, mayi ake akachite chimodzimodzi."

"Adwala?" anafunsa Kaliwiro. Mawu ake anali ang'onoang'ono.

"Lero sitingadziwe," anatero anamwino. "Malungo amatenga masiku. Muzimuyang'anira."

Kenako anamwino anamukoka Kaliwiro. Anaona mikono yake. Munali tizipsera tambiri.

"Nanga uyu? Udzudzu wakhala ukumudya chonchi?"

Bambo anawerama. Anagwira mkono wa Kaliwiro. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Sindinaone," anatero bambo.

"Udzudzu sufunsa kuti mlendo ndani," anatero anamwino. "Bwera kuno, mwanawe. Tione magazi ako."

"Ine ayi!" anakuwa Kaliwiro.

"Si umati nanga ine?" anatero msuweni.

Anamwino anamubaya pachala. Kaliwiro anatsinzina. Bambo anamugwira phewa. Anadikira pabenchi. Anadikira, anadikira.

"Alibe malungo," anatero anamwino. "Koma neti ija musoke lero."

Pobwerera bambo anayenda pakati. Dzanja lina msuweni. Dzanja lina Kaliwiro.

"Pepani, bambo," anatero Kaliwiro.

"Si kwa ine."

"Pepa, msuweni."

"Basi zatha," anatero msuweni. "Koma iwe uli ndi mwayi. Piritsi lija limawawa koopsa. Chipewa chimandiyabwa. Ine ndimasirira iwe."

Kaliwiro anadabwa. "Umasirira ine?"

"Eya. Ndimafuna kuthamanga ngati iwe."

Kunyumba bambo anatenga singano ndi ulusi. Anakhala pakhonde.

"Gwira apa," anatero bambo.

Kaliwiro anagwira. Bambo anasoka. Anasoka pang'onopang'ono.

"Iwe unalakwa," anatero bambo. "Inenso ndinalakwa. Ndimayang'ana neti imodzi yokha."

Madzulo bambo anapisira neti zonse ziwiri. Anayamba ndi ya Kaliwiro.

M'mawa Kaliwiro anadzuka woyamba. Anamugwira msuweni pachipumi. Panali pozizira. Anamubweretsera piritsi ndi madzi owiritsa.

"Meza, Dzira."

"Ndameza, Mwala."

Mawa lake anamugwiranso. Panali pozizira. Sabata inatha. Ina inathanso. Panali pozizirabe.

"Bambo, sanatenthe!" anakuwa Kaliwiro.

"Ndamva," anatero bambo. Anamwetulira pang'ono.

Kaliwiro anatenga mpira. Anathamanga kukaitana anzake kuti adzasewere ndi msuweni wake.