Kamphepo Aphunzira Kuwerenga Yekha

Kunali mtsikana wina wothamanga kwambiri. Onse ankamutchula Kamphepo. Koma Kamphepo anali ndi chinsinsi. Sankadziwa kuwerenga.

M'kalasi mwake munali ana ambiri. Onse ankawerengera limodzi mokweza. Kamphepo ankangotsatira. Anzake akati "mbuzi," iyenso "mbuzi." Anzake akati "udzu," iyenso "udzu." Pakamwa pankayenda. Koma maso anali pa zithunzi basi.

Tsiku lina aphunzitsi anamuloza. "Kamphepo, tiwerengere wekha tsamba ili."

Kamphepo anaimirira. Anaona chithunzi cha mbuzi. Anati mokweza, "Mbuzi ikudya udzu!"

Ana onse anaseka. Tsambalo linkati, "Mbuzi yathu ndi yoyera."

Manyazi anamugwira Kamphepo. Anangoti zyoli. Wothamanga uja anapita kwawo akukoka miyendo.

Kunyumba anakana kudya.

"Chavuta n'chiyani, mwanawe?" anafunsa amayi ake.

"Mutu ukundipweteka," ananama Kamphepo.

Amayi anamugwira pachipumi. Sipankatentha. Anangomuyang'ana. Kamphepo anayamba kulira.

"Amayi, ine kuwerenga sindidziwa. Ndimangotsatira anzanga."

"Wachita bwino kunena," anatero amayi. "Mutu umodzi susenza denga. Tipeza wotithandiza."

Kuseri kwa nyumba yawo kunkakhala mayi wina. Kale anali mphunzitsi. Ana ankamutchula Amagalasi chifukwa ankavala magalasi. Amagalasi anavomera kuphunzitsa Kamphepo.

Kamphepo ankachita manyazi kupitako. Anabisa buku m'malaya. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenako analowa msangamsanga.

M'chipindamo munali tebulo limodzi. Munali mipando iwiri. Munalibe anzake oti awatsatire.

Amagalasi anatsegula buku. Anaphimba chithunzi ndi dzanja.

"Werenga, mwananga."

Kamphepo anapendeketsa mutu. Ankafuna kusuzumira pansi pa dzanja.

"Iwe, ndakuona!" anatero Amagalasi. "Mawu ali apa, osati kunsi kwa dzanja langa."

Manyazi anamugwiranso Kamphepo. "Ndikalakwitsa mundiseka," anatero chapansipansi.

"Pano tili awiri okha," anayankha Amagalasi. "Ndipo ine ndikaseka, magalasi amagwa. Ndiye sindiseka."

Kamphepo anamwetulira pang'ono.

Anayamba ndi chilembo chimodzi. Kenako ziwiri. Kenako liwu lathunthu. Kamphepo anaika chala pansi pa liwulo.

"Mbu... zi. Mbuzi!"

"Eya! Wawerenga ndiwe. Sunatsatire munthu."

Nthawi zina ankalakwitsa. Ankabwereza. Nthawi zina ankafulumira n'kudumpha mawu.

"Apa sipampikisano, Kamphepo," ankatero Amagalasi. "Pang'onopang'ono."

Masiku anapita. Masabata anapita. Kamphepo anasiya kubisa buku m'malaya.

Lachisanu lina aphunzitsi a kusukulu anamuitana. Anamupatsa kalata yopindapinda. "Ukapereke kwa makolo ako."

Kamphepo analandira kalatayo mwamantha. Kodi walakwanso chiyani? Sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kwawo.

Anapeza bambo akukonza njinga. Amayi ankachapa zovala.

"Bambo, kalata iyi."

"Manja anga ali ndi girisi. Apatse amayi ako."

"Amayi, kalata iyi."

"Manja anga ali ndi sopo. Tiwerengere iweyo."

Kamphepo anatsegula kalata. Munalibe chithunzi. Munali mawu okhaokha. Anaika chala pansi pa liwu loyamba.

"Mwa... na wa... nu," anayamba. "Mwana wanu tsopano a... ku... we... renga bwino."

Anaima. Anabwerezanso mokweza. "Mwana wanu tsopano akuwerenga bwino!"

Bambo anaponya sipanala pansi. Amayi anasiya zochapa. Onse awiri anamukumbatira, girisi ndi sopo zomwe.

"Diresi langa lada!" anakuwa Kamphepo akuseka.

"Lide," anatero amayi. "Ndichapa. Iwe tiwerengerenso."