Majombo a Wokwera Pamwamba

Madzulo amenewo mkazi wa mmisiri ankachapa ovolosi ya mwamuna wake kuseri kwa nyumba pamene fungo linamupeza. Silinali la thukuta ayi. Linali ngati la khoswe wofera kudenga. Atalilondola, linamufikitsa pa majombo amene anali pakhomo.

"Bambo a mwana, izi mwazitola kuti?"

"Andipatsa akapitawo. Mawa ndikwera pamwamba."

"Pamwamba pomwe anagwa mng'ono wanu paja?"

"Nanga tidya mantha?"

Nyumba yosanja imene ankamanga kumapeto kwa mudzi inali itadya kale anthu awiri. Woyamba anali wokanda simenti, amene anagwa masanasana, mphepo kulibe. Wachiwiri anali mlamu wake wa mayiyu, munthu wokulira pamadenga, koma anangoponda m'malere ngati pali thabwa. Anzake ankanong'onezana kuti anamumva akukuwa, "Miyendoyi si yanga!"

Onse awiri anafika kwawo mapazi ali pamtunda. Kapitawo, yemwe sanaponde pamaliro ngakhale kudzangoti pepani, chonsecho anamulera ndi amayi ake a mlamuyo, ankati majombo ndi a kampani. Analipo amodzi okha, a wokwera pamwamba, ndipo ankawavula yekha mtembo usanazizire.

Mayiyo anapisa dzanja m'jombo limodzi. Munali mofunda ngati phazi langotulukamo kumene, monyowa, moterera. Atakoka kansanza ka pansi, munatuluka mphutsi zonenepa, ndi zikhadabo ziwiri za kuphazi zosokereredwa ndi tsitsi la munthu. Pambali pake panalendewera tsitsi lina lachitatu, lopanda kanthu, likudikira. Anasanza mpaka ndulu.

Akupukuta pakamwa anamva gwa, gwa. Jombo linalo linali litatembenuka lokha, kuloza kumene akumanga.

Kutacha anawakoleka pandodo, poti dzanja lake silikanawakhudzanso, nakafika pachimangocho amisiri akulandira zida. Anakhuthula zonyansazo pamchenga onse akuona. Ena analavula, ena anagwira mphuno.

"Akapitawo, tavalani tione."

"Mayi, pano si pamsika. Ndiponso sandikwana."

"Anakwana wamfupi, anakwana wamtali. Inu mapazi anu ndi agolide?"

Palibe anaseka. Mwamuna wake anayang'ana zikhadabo zija, nazindikira chimodzi chong'aluka pakati, cha mng'ono wake. Anamugwira kapitawo pakhosi, anzake namuveka majombowo.

Atangomusiya, majombo ananyamuka naye. Anagwira mzati, manja anapulumuka. Anakwera makwerero chammbuyo akulira ngati mbuzi yomangidwa.

"Ndivuleni, abale anga! Nsanja iliyonse imafuna munthu wake, nanga ndikanatani?"

"Ya leroyi yapeza wake," anatero mayiyo, nalavula.

Kapitawo anafika pathabwa lomaliza. Phazi linatambasuka m'malere. Kenako phokoso lonyowa, ngati thumba la simenti yovunda laphulika.

Mwa atatu amene nyumbayo inadya, ndi iye yekha anapita kumanda atavala nsapato. Panalibe wofuna kumuvula.