Lenzi Yayitali ya Feston

Feston anakulira m'banja lopemphera ku Makhanga. Bambo ake, a Geresomo, anali msodzi komanso mkulu wa mpingo, ndipo mayi ake, a Justina, ankawamba nsomba n'kukagulitsa ku Bangula. Feston atamaliza sukulu, amalume ake anamupatsa kamera yakale, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kumuitana kukajambula maukwati ndi makwaya.

Vuto linali lenzi, galasi la kutsogolo kwa kamera. Imene inabwera ndi kamerayo inali yaifupi, moti kuti nkhope za akwati zioneke ankachita kukaima kutsogolo kwa abusa, anthu n'kumang'ung'udza. Anasunga pang'onopang'ono zimene ankapeza, kenako anapita ku Limbe kukagula lenzi ina ndi mnzake Lucky, amene ankatchaja mafoni a anthu pamsika.

Malenzi atsopano sanayerekeze n'komwe kufunsa mtengo wake. Wogulitsa anatulutsa awiri akale.

"Iyi ndi yapakati, yopepuka, imajambula bwino ngakhale m'tchalitchi momwe kuwala n'kochepa. Ya maukwati ndi imeneyi," anatero wogulitsayo. "Inayi imakoka patali kwambiri, koma imafuna dzuwa ndi dzanja losanjenjemera. Komanso mukaikoka mpaka kumapeto, anthu otalikirana amaoneka ngati agundana. Mtengo ndi umodzi."

Feston anatambasulira dzanja yapakati ija, koma Lucky anamukokera pambali.

"Shamwali, maukwati amachitika kangati pachaka? Tenga yayitaliyo, uziona anthu iwo osakuona. Zithunzi zotere ndi zimene zimayenda pafoni."

Feston anatenga yayitali.

Atafika kunyumba anapatsa bambo ake kamera kuti asuzumire. A Geresomo anaona mayi wina kutsidya kwa mtsinje akutsuka mbale, ngati ali pakhonde pawo pomwepo.

"Kodi mayiyu akudziwa kuti ndikumuona?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye tenga chinthu chakochi. Munthu uziyamba wamupempha usanamujambule. Wandimva?"

Feston anavomera pakamwa pokha. Pa ukwati wotsatira zithunzi zonse za m'tchalitchi zinatuluka mbuu, eni ake n'kuzikana. Iye sanadandaule kwenikweni, chifukwa anali atapeza ntchito ina. Ankabisala kuseri kwa matumba a makala pamsika n'kumajambula woledzera atagona m'ngalande, kapena amayi akukokana tsitsi. Lucky ankaziponya pagulu la macheza la pafoni, anthu n'kumaseka, dzina la Feston n'kumamveka.

"Mwanangu, anthu ayamba kutembenuka akakuona," anatero a Justina. "Dzulo mayi wina wakana kugula nsomba zanga, ati ndine mayi wa kazitape. Kodi sukuchita manyazi?"

"Ndi nthabwala chabe, amayi."

Tsiku lina m'mawa Feston anali chapatali ndi doko. Kumeneko kunali Muriel, mayi woimba m'kwaya ya mpingo wawo, akudikira bwato kuti apite kusikelo chifukwa anali woyembekezera. Mwamuna wake, Nedson, ankagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndipo ankabwera kumapeto kwa mwezi kokha. Kumbuyo kwa Muriel, pataliko ndithu, kunaima Macdonald, wogula nsomba, akuseka uku akuloza dengu lake. Feston anakoka lenzi mpaka kumapeto n'kujambula. Pachithunzipo dzanja la Macdonald linaoneka ngati lili m'chiuno mwa Muriel.

Lucky atachiona anaomba m'manja.

"Koma anthuwa sanayandikane n'komwe," anatero Feston. "Ndinaona ndi maso anga."

"Nanga ife tinama pati? Sitilembapo chilichonse. Anthu anena okha."

Feston anamutumizira, Lucky n'kuchiponya pagulu lija.

Chithunzicho chinafika ku Nchalo dzuwa lisanalowe. Nedson anabwera osafunsa kanthu, anaponya katundu wa mkazi wake panja, n'kunena pamaso pa anthu kuti mimbayo si yake. Ankhoswe anayesa kumuletsa koma iye ankangowaonetsa foni.

Muriel anafika kwa a Geresomo mtolo uli pamutu. Anakana mkeka. Anapempha kuti Feston atuluke.

"Achimwene, ndinakulakwirani chiyani? Inu munalipo. Tiyeni mukawauze amuna anga zimene munaona."

Feston anaopa zibakera za Nedson. Anayang'ana pansi n'kunena kuti iye anangojambula zimene kamera inaona. Muriel ananyamuka kupita kwawo ku Tengani.

A Geresomo sanakalipe. Anangofunsa Feston kuti, "Dzanja la Macdonald lija linamukhudza Muriel kapena ayi?"

"Silinamukhudze, bambo."

"Ndiye Lamulungu ukaimirire m'tchalitchi, ukanene zomwezo. Ukapanda kutero, ine ndikazinena iwe uli pomwepo."

Lamulungu Feston anaimirira m'tchalitchi n'kuulula zonse. Mawa lake iye ndi bambo ake anapita kwa Nedson, amene anamvetsera mutu uli m'manja. Nedson anapalasa njinga mpaka ku Tengani kukapepesa, koma Muriel anamuyankha ali pakhomo kuti, "Munakana mwana wanu pagulu chifukwa cha chithunzi, ine osandifunsa ngakhale liwu limodzi. Bwererani."

Mwanayo anabadwira ku Tengani ndipo akukulira komweko. Lucky anauza anthu kuti iye sankadziwa kuti chithunzicho chinali chabodza. Ku Makhanga palibenso amene amaitana Feston kukajambula ukwati, ndipo masiku ano amathandiza bambo ake kukoka ukonde. Mpingo unamukhululukira, koma akakumana ndi Nedson panjira amapatuka.

Achinyamata, chenjerani. Bodza silinenedwa ndi pakamwa pokha. Ukafalitsa chinthu chimene ukudziwa kuti chisocheretsa anthu, wachitira mnzako umboni wonama, ngakhale usanalembepo liwu. Mulungu amakhululukira wolapa, koma kulapa kwako sikungamangenso banja la eni ake limene wapasula.