Misozi Yofiira ya Izza

Dzuwa linali litabisala kuseri kwa phiri pamene Yamna ankakama mbuzi m'khola la pansi pa nyumba yake. Kwathu ku Ait Warzan timagona pamwamba pa mbuzi zathu, ndipo mpweya wawo ndi umene umatifunditsa nthawi ya chisanu. Atafika pa mbuzi yakuda, anaponda chinthu choterera. Kanali kamwana ka mbuzi kopanda ubweya, kakufa kale. Imeneyo inali mbuzi yachinayi kupoloza m'mudzimo sabata yomweyo. Yamna anakatola ndi manja n'kukaponyera agalu, kenako anapitiriza kukama. Mkakawo anakwera nawo ukadali wofunda, kukamwetsa mwana wake yekhayo, Izza, namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, yemwe anali chigonere ndi malungo.

Malungo ake anali achilendo. M'mawa munthu ankadzuka bwinobwino n'kupita kumunda wa balere. Shehe akangoitanira anthu ku swala, pemphero la madzulo, thupi linkayamba kutentha, mano n'kumagundana, msana ngati wasinjidwa mumtondo. Ndiye panali fungo. Thukuta la odwalawo linkanunkha ngati udzu wonyowa umene wayamba kuola, moti ukamadutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba, mphuno inkakuuza khomo limene matenda alowa. Mwini chigayo anali ataikidwa kale m'manda. Mkazi wina woyembekezera anapita padera, iyenso n'kutsatira.

Nyumba imodzi yokha inalibe fungolo, ya Tuda, mkazi wamasiye amene anadzakwatiwa kuno kuchokera kuchigwa. Mbuzi analibe. Anthu ankamupatsa mkaka ngati sadaka, iye n'kumauwiritsa. Kwathu mkaka suikidwa pamoto. Aliyense amadziwa kuti ukauwiritsa, bere la mbuzi imene wakamayo limapsa n'kuuma. Ndati aliyense amadziwa, koma woti anazionapo ndi maso sindinakumane naye. Mphekesera zinayamba kuyenda. Wina anamva kulira kwa kamwana ka mbuzi padenga la Tuda. Wina anapeza mapazi a ziboda pakhomo pake, olowa okhaokha, otuluka ayi.

Pakasupe amayi ankanong'onezana.

"Munalimva fungo la mkaka wopserera dzulo?"

"Mayo ine! Kwa uja?"

"Nanga kwa ndaninso? Akutiphika tonse mumphika wakewo."

"Khalani chete, uyo akubwera."

Tuda anapereka moni, palibe anayankha. Atatunga madzi anaima pafupi ndi Yamna. "Amake Izza, mwanayo pitani naye kuchipatala. Ndipo mkakawo muziyamba mwawiritsa. Kwathu matenda amenewa tinawaonapo."

"Kwanu n'kwanu," anatero Yamna, osamuyang'ana.

Komabe tsiku la msika Bassou, bambo wa Izza, anakweza mwanayo pabulu n'kutsika naye phiri, ulendo wa maola anayi. Panjira anakumana ndi Tuda, yemwe anasisita mtsikanayo phazi n'kumufunira madalitso. Namwino wa pachipatala, Si Driss, anali mwamuna wamanyazi koma wodziwa ntchito yake. Anafunsa masabata amene malungowo atenga, nthawi imene amabwera, ngati mbuzi zikupoloza, ngati amamwa mkaka wosawiritsa. Anatenga magazi pang'ono, n'kusakaniza dontho lake ndi mankhwala pa kambale koyera. Posakhalitsa dontholo linachita timibulu ngati chambiko.

"Ndi tizilombo tochokera m'mbuzi," anatero. "Timachizika. Mapilitsi awa ndi a mitundu iwiri, amwe masabata asanu ndi limodzi osadumphitsa, ngakhale aoneke kuti wachira."

Kenako anakokera Bassou panja, poti pamaso pa namwali sakanatha kunena. "Ofiirawa asakuopseni. Mkodzo wake ufiira, thukuta, ngakhale misozi imene. Ndi mtundu chabe wa mankhwalawo. Mukawauze mayi ake."

Bassou anavomera ndi mutu, makutu akumutentha. Kwathu bambo satchula mkodzo wa mwana wake wamkazi wotha msinkhu, ngakhale kwa mkazi wake. Njira yonse yokwera ankasanja mawu, koma atafika anangopereka mapilitsiwo n'kunena masabata. Zinazo anati adzanena mawa. Bassou ndinkamukonda, anali munthu wofatsa amene sankamenya ngakhale bulu. Koma mawa lakelo limandiwawa mpaka lero.

Tsiku lachitatu, chakumadzulo, msana unamugwira Izza ndipo anayamba kulira. Anapukuta m'maso ndi mpango wake woyera. Yamna ataona mpangowo utafiira anakuwa mokweza moti agalu a mudzi wonse anayankha. Amayi anathamangira, chipinda chinadzaza, fungo la thukuta ndi la palafini likutsamwitsa.

"Akulira magazi!"

"Mulungu atiteteze! Wamwa chiyani?"

"Mapilitsi a kuchipatala."

"Popita kuja anakumana ndi ndani?"

Wina anakumbukira za dzanja la Tuda pa phazi la mtsikanayo. Basi, nkhani inathera pomwepo. Yamna anatenga mapilitsi onse n'kukawakhuthulira mu ngalande yothirira minda. Bassou anali chiimire pakhomo. Anatsegula pakamwa, anaona maso a amayi makumi awiri, ena a iwo apongozi ake, n'kutsekanso. Kunena tsopano kukanakhala kutchula chosatchulika pagulu la amayi, ndiponso kuvomera kuti anadziwa masiku atatu ali chete. Anatsikira kukhola kukayang'ana mbuzi.

Madzulo omwewo miyala inagwa pa chitseko cha Tuda mpaka chinang'aluka. Kutacha anthu anamuona akutsika phiri, kamtolo kali kumsana, nsalu yakumutu ili ndi magazi enieni. Palibe anamutsanzika. Ine ndemwe ndinaima padenga n'kumangoyang'ana.

Ndipo malungo a Izza anatha. Matendawa ndi mmene amachitira, amabwera n'kupita ngati mlendo wopanda ulemu, koma ife tinati mfiti yachoka ndi zake. Tinapha nkhosa. Izza anabwerera pa nsalu yake yoluka, akuseka ndi anzake za mnyamata wa kutsidya amene makolo ake anabwera kudzamufunsira. Bassou naye anapumira m'mwamba, akudziuza kuti mwina masiku atatu aja anakwanira.

Patapita masabata atatu fungo lija linabwerera. Ulendo uno linabwera ndi zina. Mapazi a Izza anatupa, mpweya unayamba kumuchepera, sankatha kugona chagada. Chipale chofewa cha m'chisanu chinali chitatseka njira yotsikira kuchipatala. Shehe anawerenga mapemphero, amayi anafukiza lubani, ndipo Yamna ankamumwetsa mkaka wofunda wa mbuzi yakuda katatu patsiku kuti apeze mphamvu. Ena anati Tuda akubwera pamphepo. Ena anati anakwirira kanthu pansi pa khomo, ndipo anakumba nyumba yake yonse osapeza ngakhale fupa.

"Ababa," anatero Izza tsiku lina m'mawa, "mapilitsi aja akanandichiza?"

Bassou anamukonzera bulangeti. "Pumula, mwana wanga."

Izza anamwalira kutatsala masiku awiri kuti njira itseguke.

Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri la maliro, opepesa atabalalika, Yamna ankatsuka matambula a tiyi. Bassou anakhala pansi pafupi naye, atayang'ana kukhoma.

"Amake Izza, namwino uja anandiuza."

"Anakuuzani chiyani?"

"Kuti mankhwalawo amafiiritsa. Madzi a m'thupi onse. Anati ndikuuzeni."

Yamna anaika tambula pansi pang'onopang'ono. "Ndi misozi yomwe?"

"Anaitchula."

"Pamene ndinkapita kungalande kuja, inu munali pakhomo."

"Ndinali pomwepo. Ndinachita manyazi."

Yamna sanakuwe, sanalirenso. Anayang'ana mwamuna amene anakhala naye zaka makumi awiri, yemwe tsopano ankalira ngati mwana.

"Mawa kubweranso anthu ochokera kutsidya," anatero Yamna. "Aliyense akalowa amandigwira dzanja n'kundifunsa ngati mfiti imene inadya mwana wanga yapezeka. Ndikawayankhe chiyani, bambo a Izza? Ndikawauze kuti ili m'nyumba muno, ndimaiphikira tsiku lililonse?"