Selina Agwadira Tsache

Selina ankakhala ku Mzimba Boma. Ankadana ndi makutu ake. Anali aakulu, otambasuka ngati a mleme. Kusukulu anzake ankamuseka. Choncho Selina ankawabisa m'duku. Kutenthe, duku. Kuzizire, duku.

Tsiku lina kunabwera asibweni ake a Wallace, alongo awo a amayi. A Wallace ankajambula mawu ku wailesi. Anabwera ndi mutu wadongo. Mutuwo unalibe makutu.

"Ndapota, undibwerekeko makutu ako," anatero a Wallace.

Selina anadzidzimuka. "Mukufuna kuwadula?"

"Ayi, ndingowayang'ana."

Selina anamasula duku monyinyirika. A Wallace anaumba makutu awiri. Anafanana ndi a Selina, ndi makwinya omwe. Anawamata pamutu paja. M'kati mwake anaikamo timaikolofoni. Mutuwo unatandala pakhonde tsiku lonse, ukujambula mawu.

M'mawa mwake a Wallace anamuveka Selina mahedifoni. "Tsinzina," anatero.

Kumbuyo kunalira nkhuku. Selina anacheuka. Kunalibe nkhuku.

Pamwamba panadutsa njuchi. Selina anawerama. Panalibe njuchi.

Anatsinzinanso.

"Selina!" Awa anali amayi, chakumanzere.

Mwana waulemu sachedwa. Selina anatembenuka n'kugwada. "Wawa, amama."

Anatsegula maso. Anali atagwadira tsache. Amayi anali kumsika.

Selina anagwira pakamwa. Anachita mantha kwambiri. "Asibweni, awa ndi matsenga."

A Wallace anaseka mpaka misozi. "Si matsenga. Awa ndi mawu adzulo. Mutu uja unawamva ngati iweyo."

"Nanga achokera bwanji kumanzere?"

"Mawu akumanzere amayamba kufika kukhutu lamanzere."

"Nanga akumbuyo? Nanga apamwamba?"

"Imeneyo ndi ntchito ya makwinyawa. Amawasintha mawu pang'ono. Mbwenu ubongo umadziwa kumene achokera."

Selina anakhudza makutu ake. "Makutu omwewa?"

"Omwewo. Ndi abwino chomene. Ukawamanga umawasokoneza."

Masana amayi anabwerako kumsika. Anafika chakumbuyo, akuyenda monyang'ama.

Selina sanacheuke. "Muli kumbuyo kwanga, amama. Cha pamtengo wa mapeyala."

Amayi anaima chilili. "Wandiona bwanji? Nanga duku lili kuti?"

"Ndaveka tsache. Ilo lilibe makutu."

"Nanga kusukulu akakuseka?"

"Akaseke," anatero Selina. "Ine ndikamva pamene abisala."

Amayi anamukoka khutu pang'ono. Kenako anamukumbatira.