Njanji Yothera pa Khoma

Wagdi anagwira ntchito yolumikiza mabogi a sitima za katundu mumzinda wa Tanta kwa zaka makumi atatu. Atapuma pantchito, anamanga njanji ya zidole m'chipinda chimene ana ake anasiya. Koma sankachita zamasewera mkuluyu. Mabogi a matabwa onyamula thonje, a nthawi ya bambo ake, sankawasakaniza ndi a makontena a masiku ano. Bogi iliyonse inali ndi khadi lonena komwe ikupita, ndipo yopanda khadi sinkasuntha.

Kumapeto kunali kanjanji kothera pa khoma. Mnzake wa kuntchito akamwalira, Wagdi ankalemba dzina lake pa khadi n'kukankhirako bogi imodzi ya matabwa. Analipo asanu ndi awiri. Woyamba anali Sobhi, kalaliki amene ankalemba makhadi kusiteshoni.

Madzulo ena mkazi wake Nabawiya anabwera ndi tiyi, akutsokomola monga mwa masiku onse.

"Bambo a Ramzi, imvi zonsezi mukadali pa zidole?"

"Zidole ziti? Sitima ya thonje yachedwa, mayi, musandisokoneze."

Usiku anadzidzimuka. Magetsi anali atathima dera lonse, koma kuchipinda kuja kunkamveka timateyala. Kenako gwe! Kulira kwa mabogi akalumikizana ankakudziwa ngati mawu a mwana wake.

Analowa ndi tochi. Bogi yachisanu ndi chitatu inali itaima polowera kanjanji kaja. Pa khadi panalembedwa kuti Nabawiya. Zilembo zopendekerazo zinali za Sobhi.

Anang'amba khadilo, bogiyo n'kuitsekera m'kabati.

Usiku wotsatira inabwerera, khadi lija lili lathunthu, itasendera chakukhoma. Anazula chidutswa cha njanji. Kutacha anachipeza chili pamalo pake. Tsiku lomwelo Nabawiya anagonekedwa m'chipatala, ndipo adokotala ankayankhula akuyang'ana pansi.

Usiku wachitatu Wagdi sanagone. Anafufuta dzina la mkazi wake, n'kulembapo lake.

"Sobhi, m'bale wanga," anatero mumdimamo, "tinadyera mbale imodzi ife. Tenga ine. Uyu sanagwirepo ntchito ya njanji."

Kenako timateyala tinayamba kuyenda pang'onopang'ono. Anaigwira bogiyo ndi manja awiri, akulira ngati mwana. Inali yozizira, yolemera ngati yeniyeni, ndipo inam'pulumuka. Apo m'pamene anakumbukira: Sobhi sankalandira khadi lofufutidwa, ngakhale litachokera kwa bwana.

Bogi inagunda khoma. Foni inalira pabalaza.

Anthu a m'nyumba zoyandikana amanong'onezana kuti maliro a Nabawiya atatha Wagdi anapeza khadi latsopano, la zilembo zopendekera, pa bogi ina kutali kumayambiriro kwa njanji. Dzina ndi lake, koma polemba tsiku ponyamuka palibe kanthu. Zaka zinayi tsopano, madzulo aliwonse amaikankhira yekha kukhoma. Kukacha amaipeza itabwerera.