Kadontho Kofiira pa Galamafoni ya Bambo

"Achemwali, chonde musachipendeke chinthucho! Mukupha munthu!"

Mzime anatembenuka pa siteji ya basi paja, katoni ili m'khwapa. Wokuwayo anali mnyamata wamtali, wa shati yoyera yosita bwino, manja ali kumutu ngati waona ngozi.

"Muli munthu muno?" anaseka Mzime. "Ndi galamafoni ya malemu bambo anga. Lamba wake waduka, ndikupita nayo kwa okonza."

Mnyamatayo anagwada pafumbi pomwepo n'kusuzumira m'katoni muja. Maso ake anakakamira pa kamutu kamene kamagwira singano, kumapeto kwa mkono wa galamafoni. Pa kamutupo panali kadontho ka penti wofiira wa zikhadabo. Mzime ndi amene anakapaka bambo ake atayamba kuvutika maso, kuti aziona pogwira.

"Anzanga amanditchula Makutu," anatero mnyamatayo, "chifukwa ndimamva zomwe ena samva. Ndimasonkhanitsa magalamafoni. Musapite nayo kwa okonza mawailesi, akaipha. Ndikukonzerani ine, ulere. Komatu ine kukongola kotere sindinakuonepo!"

Mzime anaona ngati akunena iye. Nanga akanaganizanso chiyani? Mtsikana wogwira ntchito mu saluni, tsiku lonse kupaka zikhadabo za anzake opita kukakwatiwa, naye mtima unkafuna wake.

Lamba anakonzedwa, manambala a foni anapatsana, uchi unayamba kudontha.

"Wadzuka bwanji, nyimbo yanga? Mutu wanga ukungozungulira pa iwe ngati mbale ya galamafoni."

"Bebi, ine ndine singano, iwe ndiwe mzere wanga. Ndikachoka mwa iwe ndimangokanda."

Mawu ngati amenewa munthu wanzeru amayenera kuwalavula. Koma Mzime ankawawerenga kuchimbudzi cha ku saluni akumwetulira yekha, makasitomala akudikira.

Tsiku loyamba kulowa m'chipinda cha Makutu, fungo ndi limene linamulonjera. Masokosi ouma gwa pansi pa bedi, mapoto a dzana atamera nkhungu pakona, pilo wakuda ndi mafuta a m'mutu. Koma pa mashelefu! Magalamafoni ali ndandanda, iliyonse yofundidwa kansalu koyera, popanda ngakhale kafumbi. Makutu anasamba m'manja ndi sopo, navala magolovesi kuti agwire mbale ya nyimbo. Kapu imene anamupatsira madzi Mzime inali ndi milomo ya munthu wina.

"Iyi ndinkaifera chaka chatha," anatero akuloza ina yapansi. "Nditapeza yoiposa ndinaitsitsa. Munthu umayenera kumakwera, nyimbo yanga. Sungakhale ndi chinthu chimodzi mpaka kalekale."

"Nanga ine?"

"Iwe ndiye pamapeto pa zonse. Pamwamba pako palibenso!"

Mzime anameza madzi aja pamodzi ndi nseru yake. Ati chikondi sichiona.

Kunyumba kwa Mzime galamafoni ija sinali yokongoletsera. Lamlungu lililonse masana amayi ake ankakhala pampando wa malemu amuna awo, n'kuika mbale imene ankaikonda awiriwo, n'kumvetsera manja ali pamiyendo. Ankati ikamalira, nyumba imamveka ngati mwini wake wangotuluka pang'ono.

Makutu anafika panyumbapo ngati mkamwini weniweni, kulonjera mogwada, mawu ali pansipansi.

"Amayi, galamafoni ya bamboyi yadya fumbi lambiri. Ndiloleni ndikaitsuke bwinobwino, ikhale ngati yatsopano."

Amayi anayang'ana mwana wawo. Mzime anagwedeza mutu monyadira, ndipo anamunyamulira yekha mpaka pageti.

Inabwerako ikunyezimira, koma kadontho kaja kulibe.

"Ka penti kaja ndafufuta, kamaipitsa," anatero Makutu.

"Ndinapakira bambo anga kameneko!" Misozi inalengeza m'maso mwa Mzime.

"Pepa, wapamtima wanga, sindinadziwe." Anamugwira nkhope m'mbalimbali ndi nsonga za zala, monga ankagwirira mbale zake. "Ndikulonjeza, pa ukwati wathu tidzavinira galamafoni yomweyi. Bambo adzakhala nafe."

Mawu oti ukwati anapukuta misozi yonse.

Lamlungu amayi anaika mbale yawo. Nyimbo isanafike pakati, anakweza mutu.

"Si mawu ake awa."

"Ndi yomweyo, amayi. Angoitsuka basi."

"Mwanangu, ndakalamba nayo galamafoni imeneyi. Apa pamamveka woimba akukoka mpweya asanayambe. Lero ali kuti? Ikungolira ngati chitini."

"Makutu anu ndi amene akalamba, amayi! Munthu watithandiza ulere, inu m'malo mothokoza mukumunamizira. Kapena simukufuna kuti ndikwatiwe?"

Amayi anadzuka, nazimitsa galamafoni, naifunda nsalu. Lamlungu lotsatira sanaivundukule, lotsatiranso chimodzimodzi. Ankangokhala pampando paja kuyang'ana khoma.

Nawo mauthenga a Makutu anayamba kuuma. "Nyimbo yanga" inasanduka "Ndatanganidwa". Kenako foni inkangoitana osayankhidwa. Kodi wadwala? Kodi ndamulakwira chiyani? Mzime anafika popaka kasitomala penti pachala m'malo mwa pachikhadabo.

Loweruka lina anapempha kuweruka msanga. Ankadziwa kuti Loweruka Makutu ndi anzake amakumana m'galaja ya mkulu wina amene ankamutchula Tcheyamani, kukapikisanitsa magalamafoni awo. Mkazi wa Tcheyamani anamulandira pakhomo, chala chili pamlomo.

"Vulani nsapato, mulowe mwakachetechete," ananong'ona. "Lamulo lawo ndi loti amatsinzina. Amaika nyimbo imodzi pa galamafoni iliyonse, ndipo satsegula maso mpaka aliyense atanena maganizo ake. Akuti maso amanamiza makutu. Madoda athunthu, ndevu pepeya! Ine ndinatopa nazo."

Mzime analowa. Azibambo anali atakhala pamzere, mitu chagada, maso ali tsinzinu, pakamwa pali yasa. Mmodzi dovu linali litatsikira pakolala. Makutu anali pakati pawo, atavala shati yoyera ija.

Kutsogolo kwawo, pakati pa masipika awiri aatali, galamafoni ya Makutu inkazungulira. Ndipo pa kamutu ka singano, kakukwera ndi kutsika pang'onopang'ono, panali kadontho kofiira.

Nyimbo inatha, mbale ikungozungulira.

"Iyi ndiye yagwetsa zonse," anatero Tcheyamani chitsinzinire. "Mpaka kumva woimba akukoka mpweya! Iwe Makutu, kamutu kameneka anasiya kupanga kalekale. Wakatola kuti?"

Makutu anaseka, maso ali chitsekere.

"Ndinachita kufunsira, akuluakulu. Kamtsikana kena ka ku saluni ndi mayi ake okalamba ankangokalimitsa ngati khasu. Ndawaikira kena kotchipa kofanana nako. Angadziwe chiyani? Makutu awo ndi okolekapo ndolo basi."

"Nanga mtsikanayo uli naye?" anafunsa wa dovu uja.

"Aaa, achimwene, mukatulutsa katundu, katoni mumagona nayo?"

Galaja yonse inaphulika ndi phwete.

Mzime anayang'ana pakamwa pa Makutu. Pakamwa pomwe paja! Pakamwa pamene panamupsompsona, pamene panatchula bambo ake, pamene panati "amayi" munthu atagwada. Anamva ngati thupi lake lonse lapakidwa mafuta a pilo uja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anayenda chopanda nsapato mpaka kutsogolo, nakweza mkono wa galamafoni, napotokola kamutu kaja monga ankachitira bambo ake. Masipika anati gu! Maso onse anatseguka.

"Singano! Usagwire singanoyo ndi zala!" Makutu anadzambatuka pampando.

Amenewo ndiye anali mawu ake oyamba. Osati pepa, osati wabwera bwanji.

"Paja munati penti uja munafufuta?" anafunsa Mzime. Anali atabwerera ku ulemu wa pa siteji, wopatsa munthu wachilendo.

"Ndikanafufuta bwanji? Sipiriti akanasungunula guluu wa singano..." Anadzigwira pakamwa, koma madzi anali atatayika kale.

"Zoona, akanawononga," anavomereza wa dovu uja. Mkazi wa Tcheyamani anamuyang'ana diso limodzi, iye n'kuzyolika.

"Nyimbo yanga, tamvera," Makutu anayandikira, manja ali patsogolo. "Zija ndi nthabwala za amuna chabe. Ndimakukonda. Ukwati uja ulipo, ngakhale mawa! Ingoika kamutuko patebulo kaye, pang'onopang'ono, tikambirane."

"Tandiyang'anani kumaso, munenenso."

Anayesa, mwana wa eni. Maso anakwera mpaka pachibwano cha Mzime, n'kutsetserekanso kubwerera padzanja lake. Mzime anasuntha dzanjalo kumanzere, maso a Makutu nawo kumanzere.

"Asa! Mukundinyansa."

Anakulunga kamutu kaja m'kampango, natola nsapato zake n'kutuluka. Palibe anamutsekereza. Misozi inadikira mpaka m'basi, ndipo itabwera inabwera yonse.

Kunyumba anapeza amayi ali pampando paja. Anavundukula galamafoni, nachotsa kamutu konama, nabwezeretsa ka bambo ake. Kenako anaika mbale ija n'kugwada pafupi ndi miyendo yawo.

Woimba anakoka mpweya, nayamba.

Amayi anakweza mutu. "Eya. Ndi ameneyu."

"Ndikhululukireni, amayi. Makutu anu ali bwinobwino. Ogontha anali anga."

Amayi anangomusisita m'mutu. Za mnyamata uja sanafunse.

Foni inanjenjemera m'thumba. Mtima wopusawu unadumphabe: mwina akupepesa? Mzime anatsegula uthengawo.

"Bebi, ngati watsimikiza kundisiya palibe kanthu. Koma chonde singanoyo uzipukuta ndi kaburashi kofewa, osati ndi nsalu."

Anaufufuta pamodzi ndi nambala yomwe. Kenako anapita kumpopi n'kusamba kumaso ndi sopo wochapira, m'mbalimbali monse mmene munkagwira zala zija.